Miyezi 9 ndi kamakina koyezera magazi kuno ku Kamwendo

Tinakagula mu Okutobala pa kliniki yathu yaing'ono kuno ku Mchinji, koma ndinati ndisakayamikire mvula isanathe. Ntchito yake ndi imodzi, kuyeza hemoglobin, chinthu chofiiritsa magazi chimene chimanyamula mpweya m'thupi, m'dontho la magazi a pachala.

Pa liwiro palibe chodandaula, nambala imatuluka pompopompo. Mayi woyembekezera akatsika pa 11 g/dL (magalamu a hemoglobin m'mamililita 100 a magazi) timadziwa kuti magazi achepa, akatsika pa 7 ndiye ulendo wa ku chipatala cha boma. Magetsi akathima, mabatire amapitiriza.

Kumene ndinapsa ndi ku timapulasitiki toyamwira magazi timene timalowetsa m'kamakinako. Mu Januwale botolo losungiramo timapulasitikito linagona losatseka, chinyezi chinalowa, tonse tinataya. Kafinyidwe ka chala nakonso. Agogo ena magazi ankakana kutuluka, ine n'kufinya mwamphamvu, kamakina kakuti 9.8. Iwo akuti, "Mwana wanga, chala chimenechi n'cha khasu, baya china." Nditabaya china n'kupukuta dontho loyamba, 11.2. Kufinya kumasakaniza magazi ndi timadzi ta m'mnofu. Wolakwa ndinali ine.

Chimene kamakina kamakana kundiuza ndi chifukwa chimene magazi achepera. Malungo kodi? Njoka za m'mimba, likodzo, sickle cell, kapena kusowa ayironi m'zakudya? Nambala imangofanana. Kali ngati sikelo ya mavenda a mtedza: imanena kulemera kwa thumba, siona kuti makoko ena m'kati mulibe kanthu. Selo limodzi lofiira la m'magazi limanyamula hemoglobin pafupifupi 270 miliyoni, iliyonse ndi maatomu 4 a ayironi, ndipo maselowo sadzaza mofanana. Kunja kuli ma lab amene amayeza selo lililonse palokha ndi njira yotchedwa single-cell ICP-MS. Maselo amalowa limodzilimodzi m'lawi la mpweya wa argon lotentha kuposa madigiri 6,000, amapserera, kenako makina otchedwa mass spectrometer amasiyanitsa ayironi, zinki ndi kopa potengera kulemera kwake. Nditawerenga zimenezo ndinachita kaduka, osabisa.

Ine zimandikhudza pa amayi a mapiritsi owonjezera magazi. Selo lofiira limakhala masiku pafupifupi 120, ndiye maselo atsopano okhuta amasakanikirana ndi akale osowa, nambala n'kumakwera pang'onopang'ono. Mayi wina anafuna kusiya mapiritsi patangotha milungu iwiri, akuti sakugwira. Ndinachita kupaka magazi ake pa kagalasi (slide) n'kumuitana asuzumire yekha pa microscope, aone maselo otumbululuka pakati pa ofiira bwino.

Kakadzafa tidzagulanso kena. Koma pa chivindikiro cha botolo lija pano ndinalembapo ndi marker: TSEKANI.