Ine ndinafika ku Joni Lachiwiri, sutikesi inafika Lachisanu

Mwana wanga atachira ku Johannesburg, mkamwini anati ndisavutike ndi basi yodzera ku Mwanza, Tete mpaka Beitbridge, andigulira tikiti ya ndege. Ndikanakana bwanji? Ulendo wa basiwo ndimaudziwa, usana ndi usiku uli pampando, pofika miyendo itatupa ngati chinangwa chonyika. Pandege kuchoka ku Lilongwe ndi maola awiri ndi theka basi. Kampaniyo sindiitchula dzina, ndingonena zomwe ndinaona.

Poyambira panali pabwino. Ku bwalo la ndege ku Lumbadzi mzere unayenda mosachedwa. Pasikelo sutikesi yanga inapitirira ndi makilogalamu awiri pa 23 omwe tikiti yanga imalola, ndipo mtima unagunda poganiza za ndalama. Mtsikana wa pakauntala anangomwetulira. "Mayi, chotsanimo zitenje zingapo muike m'kachikwama ka m'manjako, musalipire pachabe." Ndinagwada pomwepo n'kumasula katundu anthu akuonerera, iye osandifulumizitsa. Atamaliza anamata kasitika ka manambala kuseri kwa chiphaso chokwerera ndege, nati, "Aka musataye." Ndinangoti chabwino, osadziwa kuti ndi kamene kadzandiombole.

Nthawi yonyamuka itakwana, zii. Ola lathunthu linatha popanda wotiuza kanthu, sikirini ikuonetsabe nthawi yakale. Aliyense wa yunifolomu amene timamufunsa yankho linali limodzi, "Dikirani pang'ono, tilengeza." Kuchedwako pakokha sikunandipweteke. Ngati ndege ili ndi vuto aikonze ili pansi, ndani akufuna kuti akaikonzere m'mitambo? Chinandiwawa n'kusungidwa ngati ana. Akanangoti tichedwa ndi maola awiri, ndikanauza mkamwini asanyamuke msanga, m'malo mokakhala ku bwalo la ndege la OR Tambo ndalama yoimikira galimoto ikuwerengera.

Za m'ndege ndilibe nazo mawu. Chakudya chinali chotentha, tiyi anatipatsa kawiri, ndipo lamba wa pampando atandizunguza mtsikana wina anandimangira mwakachetechete.

Nkhani inakula potenga katundu. Lamba wobweretsa katundu anazungulira, anthu kumatola zawo n'kumapita, mpaka anaima. Tinatsala anthu asanu tikuyang'anana. M'sutikesimo munali zovala zanga zonse, mphatso za khanda, komanso mankhwala anga a BP. Pa mankhwalawo wolakwa ndine, sindinamizira munthu.

Padesiki ya katundu wosowa ndinapeza bambo wina wachikulire, ndipo ngati kampaniyi ili ndi munthu woyenera kumukweza pantchito ndi ameneyu. "Mama, kasitika kaja muli nako?" Analowetsa manambala aja m'kompyuta, kenako anandiyang'ana m'maso n'kunena zoona: sutikesi sinakwere n'komwe, yatsala ku Lilongwe. Sanandinamize kuti ibwera madzulo. Anatulutsa tchati cha zithunzi za zikwama kuti ndiloze chofanana ndi changa, mtundu ndi kukula kwake, nadzaza fomu ya katundu wosowa yomwe amaitcha PIR, n'kundizungulizira ndi cholembera nambala yoti ndizitchula poimba foni. Anandiuzanso zomwe sindikanazidziwa ndekha. Zofunika zomwe ndingagule podikira, monga mswachi, sopo ndi zovala zosinthira, ndisunge malisiti ake. Dandaulo la katundu wochedwa limayenera kulembedwa pasanathe masiku 21 chilandirireni katunduyo, koma ngati wafika ataonongeka ndi masiku 7 okha. Zonsezi zinatenga mphindi khumi, ndipo ndinachoka mtima utakhala pansi.

Kenako kunabwera foni. Abale inu! Masiku awiri tikuimba nambala ya pa fomu ija, kanyimbo kakulira, mayunitsi akutha. Wina akayankha umayambiranso nkhani yonse pachiyambi ngakhale wamupatsa nambala ya PIR. Wa m'mawa anati sutikesi yafika kale, wa masana anati sakuiona paliponse. Ndinadabwa kuti anthu a kampani imodzi, kompyuta imodzi, angasiyane chotere.

Lachisanu chakumasana tinangomva kugogoda. Dalaivala ali pakhomo ndi sutikesi, popanda foni kapena uthenga wotichenjeza. Mwayi wake m'nyumba ya khanda simusowa munthu. Loko anali wosakhudzidwa, kalikonse kali m'malo mwake. Malisiti aja mwana wanga anawatumiza pa imelo tsiku lomwelo, ndipo mpaka pano tangolandira yankho la makina loti alandira.

Pobwerera ndikwera yomweyo, poti tikiti ndi yopita ndi kubwera, koma mankhwala adzakhala pachifuwa. Zitenje zitatu zomwe mtsikana wa ku Lumbadzi anandichotsetsa m'sutikesi ndi zokhazo zomwe ndinafika nazo Lachiwiri lija, ndipo chimodzi mwa izo ndi chomwe ndinalandirira mdzukulu wanga m'manja.