Ndemanga: masiku atatu a olemba za maulendo kuno ku Zomba

Ndakhala ndikulemba nkhani za maulendo kwa zaka zinayi, koma ndekhandekha, popanda wondiuza kuti apa walasa, apa waphonya. Choncho nditamva kuti kagulu kena kakonza msonkhano wa masiku atatu wa anthu a ntchito imeneyi kuno ku Zomba, ndinalipira msanga. Ndalamazo zinali za chakudya, galimoto, wotiperekeza kuphiri ndi kunyanja, komanso malo ogona kwa ochokera kutali. Ine ndinachotsetsa za malo ogona poti kwathu ndi ku Chinamwali. Tinalipo anthu 14, ena a ku Blantyre, awiri a ku Mzuzu, atatu ophunzira a pa yunivesite ku Chirunga. Unali mwezi wa Julayi, chiperoni chili pachimake.

Ndiyambe ndi chomwe chinandigwetsa ulesi. M'mawa wa tsiku loyamba tinakhala m'holo maola atatu kumvera za momwe munthu angachulukitsire omutsatira pa Facebook ndi pa Instagram. Sindikunena kuti nzopanda ntchito, koma mphindi 30 zikanakwana. Phiri linali kutiyang'ana pawindo ife tili pamipando, ndipo pofika nthawi ya nkhomaliro ndinkadandaula ndalama zanga.

Zinthu zinasintha madzulo a tsiku lomwelo. Okonza anatiuza kuti aliyense awerenge ndime imodzi ya zomwe analembapo kale, ena onse azimva. Tinazungulira mbaula pakhonde, aliyense atadzifunditsa chitenje kapena bulangete. Ine ndinawerenga ya mathithi a Williams, yomwe ndinkainyadira. Nditamaliza, mayi wina wachikulire amene anagwirapo ntchito pawailesi anapempha pepala langa. Anatulutsa cholembera n'kuyamba kudula mawu akuti “okongola” paliponse pomwe anawapeza. Anawadula kasanu ndi kawiri. Kenako anati, “Mwana wanga, zoti nkokongola tamva. Koma iwe unaonako chiyani? Madziwo unawakhudza? Miyala inali yoterera?” Ndinasowa choyankha, chifukwa zonsezo ndinazionadi koma sindinazilembe. Mawu amenewo ndi omwe ndayenda nawo mpaka lero.

Usiku umenewo malangizo ankangotuluka okha, wina akaponya wina n'kuwonjezera. Mnyamata wa ku Mzuzu anatiwonetsa kakope kake kothimbirira, momwe amalemba mtengo wa kabaza, dzina la mudzi ndi tsiku, usiku womwewo asanagone, chifukwa foni imatha moto ndipo mutu umaiwala. Wina anafotokoza momwe amalembera mkonzi wa magazini: ziganizo zitatu basi, kunena malo, munthu amene nkhani yatsamira pa iye, ndi chifukwa chake iyenera kutuluka tsopano. Panabuka mkangano wabwino pa nkhani yogona ulere kumalo a alendo n'kukawalembera zabwino. Ambiri tinagwirizana kuti ukagona ulere uziwauza owerenga, apo ayi ukuwanamiza. Okonza sanalowerere, anangowonjezera makala ndi tiyi, ndipo pamenepo anachita bwino.

Tsiku lachiwiri ndilo la phiri, ndipo wotiperekeza ndiye anandichititsa kuona kuti ndalama zanga sizinapite pachabe. Ndi bambo wobadwira kumtunda komweko, woyenda mofatsa, wosakonda kulankhula zambiri. Anatifikitsa pa Emperor's View, pomwe anaimapo mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia mu 1965, ndi pa Queen's View, potchedwa choncho chifukwa cha ulendo wa amayi ake a Mfumukazi Elizabeth mu 1957. Nkhungu itang'ambika pang'ono tinaona tawuni yonse pansi, nyanja ya Chilwa ikunyezimira, ndi Mulanje chapatali. Tonse tinatulutsa mafoni. Bamboyo anatidikira, kenako anati, “Za mafumu awiriwa aliyense amalemba. Tayang'anani kumbuyo kwanu.” Kumbuyoko kunali zitsa za paini, malo aakulu ometedwa, ndi amayi atatu akutsika ndi mitolo ya nkhuni yotalika kuposa iwo eni. Anatikumbutsa kuti madzi omwe timamwa m'tawuni amachokera mu damu la Mulunguzi pamwamba pomwepo, ndiye nkhani ya mitengoyo ndi ya mpopi wa kunyumba kwanga. Ndakulira pansi pa phiri limeneli koma ziwirizi ndinali ndisanazilumikizepo polemba.

Potsika, pafupi ndi Ku Chawe, tinapeza mayi akugulitsa masitiroberi ndi mabulosi m'timbale. Mnzathu wina anangofika n'kumutchera kamera kumaso. Wotiperekeza anamugwira mkono mwaulemu: “Achimwene, yambani mwapereka moni.” Mayiyo anakonza duku lake n'kufunsa, “Nanga mukandijambula, chithunzicho chipita kuti?” Mnzathuyo anachita manyazi, anafotokoza, anagula mbale ziwiri, ndipo mayi uja anavomera. Pocheza anatiuza kuti zipatsozo zikagona masiku awiri zimafewa, ndiye kukapanda alendo amatsika nazo wapansi kukagulitsa motchipa kumsika. Zala zake zinali zofiirira ndi madzi a mabulosi. Mwa zonse zomwe tinalemba madzulo ake, ndime zabwino zinali za mayi ameneyu.

Kudzenje la Chingwe bamboyo anatipatsanso phunziro. Anasimba nthano zonse zomwe anthu amakamba, zoti kale ankaponyamo adani kapena odwala khate, koma anatichenjeza kuti tikalembe kuti “anthu amati”, tisakalembe ngati tinaona ndi maso. Anatilozera ku National Archives, nyumba yosungira zolembedwa zakale za dziko yomwe ili momwe muno m'tawuni, kuti wofuna zaka ndi mayina akafufuze kumeneko. Poti Zomba linali likulu la dziko mpaka 1975, ndipo aphungu anapitiriza kukumana kuno mpaka 1994, za mzinda uno zolembedwa zilipo zambiri zoti munthu asamangolota.

Tsiku lachitatu ndilo linandipweteka mtima. Pulogalamu inati tinyamuka 7 koloko kupita ku Kachulu, doko la pa nyanja ya Chilwa, tikawolokere pachilumba cha Chisi. Minibasi inafika cha m'ma 10, popanda wotiimbira kutiuza chavuta nchiyani. Titafika kudoko anatiuza kuti nthawi yowoloka yatha. Tinakhala ola limodzi lokha, pamalo pomwe pamafunika tsiku lathunthu. Nyanja imeneyi ilibe mtsinje wotulutsa madzi, inaphwa mu 1995, ndipo mu 2018 inatsala pang'ono kutheratu. David Livingstone anaifika mu 1859 n'kuilemba kuti Shirwa. Asodzi ake ena amakhala pa zimbowera, tinyumba toyandama pamadzi, kwa masabata angapo. Ndinali nditangoyamba kucheza ndi agogo ena oyanika matemba pathandala, akundifotokozera momwe anthu anayendera wapansi pomwe panali madzi, hutala ya minibasi inalira. Ndalama za bwato anatibwezera patatha sabata, titachita kukumbutsa kawiri, ndipo kupepesa kwake kunali kwa pakamwa chabe.

Chakudya chinali chabwino ndi chokwanira, makamaka mpunga ndi makumba. Anzathu ogona komweko anadandaula kuti madzi otentha ankatha msanga m'mawa, chomwe sichaching'ono mu Julayi wa ku Zomba.

Kodi ndingalipirenso? Inde, koma ndingayambe ndafunsa kuti galimoto ndi ya ndani ndipo inyamuka nthawi yanji, komanso ngati wotiperekeza ndi bambo yemwe uja. Kwa okonza, pempho langa ndi lakuti maola a m'holo aja muwapereke ku nyanja, ndipo kuwerengerana kwa pambaula kuchitike usiku uliwonse, osati umodzi wokha. Mwa nyenyezi zisanu ndikupereka zinayi, ndipo imodziyo yatsala pa doko la Kachulu. Ife asanu a kuno tapangana kuti tizikumana Loweruka loyamba la mwezi ku Botanical Gardens, aliyense ndi tsamba limodzi, ndipo mwezi wamawa ndikubwerera ndekha ku Kachulu pa njinga yamoto kukamaliza kucheza ndi agogo aja.