Telala wa pa Chitakale amene amadziwa kuyeza mkazi wamtali: ndemanga yanga

Ndine wamtali mamita 1.82, ndipo ndimagwira ntchito ya mu ofesi pa esiteti ina ya tiyi kuno ku Mulanje. Ndemanga iyi ndi ya amayi ena osoka pakhonde la sitolo pa Chitakale, cha kufupi ndi msika. Dzina lawo sinditchula poti sindinawapemphe chilolezo, koma amene mumadutsa pamenepo muwadziwa: ndi achikulire ndithu, amavala magalasi a chingwe, ndipo ali ndi makina awiri, opalasa ndi miyendo ndi ena amagetsi a ovaloko, osokera m'mphepete mwa nsalu kuti isayoyoke. Anandisokera chilundu, deresi ya kuntchito ndi thalauza, komanso anandikonzera jekete ya pa kaunjika. Ndinadikira dala kuti zovalazo zichapidwe, zione chiperoni ndi dzuwa la Okutobala, ndiye ndilembe. Ndikuwapatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu. Yachisanuyo yadyedwa ndi thalauza komanso kusasunga tsiku.

Matelala ambiri akaona munthu wamtali amangoganiza za mpendero. Amatenga muyeso wa chifuwa, chiuno ndi mbina, kenako n'kuwonjezera nsalu kumunsi, basi ntchito yatha. Ukavala, deresi yafikadi pa akakolo, koma msoko wa m'chiuno wakhala pansi pa nthiti, madati a pachifuwa (timisoko toumba chovala kuti chitsate thupi) akuloza m'mwamba, ndipo mng'alu wakumbuyo kwa siketi wayambira pomwe sungayerekeze kuwerama. Utali wathu suli m'miyendo mokha. Uli pamsana, m'mikono, ngakhalenso kuchokera m'chiuno kufika pokhalira. Zovala zosokasoka za m'sitolo nazo zimadulidwa poganizira msana wa masentimita 40 kapena 41 kuchokera pa fupa la khosi kufika m'chiuno. Wanga ndi 45. Masentimita anayi kapena asanu okhawo ndi amene amachititsa kuti munthu uzioneka ngati wabwereka deresi ya mng'ono wako.

Apa ndi pamene amayiwa anandigwira mtima. Asanatenge tepi anandimanga kalasitiki m'mimba, n'kundiuza kuti ndipendekere kumanja, kenako kumanzere. Kalasitikiko kanatsetsereka kokha mpaka kukhazikika pamene thupi limapindikira. "Chiuno chanu ndi ichi, achemwali, osati pamene mumamangira chitenje," anatero. Ndiye anayeza kuchokera pakhosi kufika pa kalasitikiko, kumbuyo ndi kutsogolo padera. Mkono anayeza nditaupinda, dzanja lili m'chiuno, kuti manja a bulauzi asamathawire kuchigongono ndikamalemba. Anandikhazika pa mpando wathabwa n'kuyeza kuchokera m'chiuno kufika pa thabwalo. Anafunsanso nsapato imene ndidzavalire chovala chilichonse. Zonse analemba m'kope la ana asukulu, tsamba langalanga, n'kumata kachidutswa ka nsalu iliyonse pambali pake ndi phini.

Kenako nkhani ya nsalu, imene akazi aatali tonse tiyenera kuimvetsa tisanapite kumsika. Chitenje chathu, kaya ndi cha ku Mapeto ku Blantyre, kaya ndi kapulana wa ku Mozambique amene amadzaza pa Limbuli, mulifupi mwake ndi pafupifupi masentimita 115. Mulifupimo ndiye utali wa siketi ngati telala akufuna kuti maluwa a m'mphepete agwere kumunsi. Mkazi wa msinkhu wapakati amatsala ndi nsalu yopinda m'chiuno. Ine kuchokera m'chiuno kufika pansi ndi 114. Chotsanipo mpendero ndi msoko wa lamba, mupeza kuti siketi yathera pamwamba pa akakolo, pamalo poti si yaitali, si yaifupi, yangokhala ngati yalephera. N'chifukwa chake ngakhale kumaliro, ndikamanga chitenje, ndimamangira m'munsi kwambiri kuti ndisaonetse miyendo.

Amayiwa anatambasula nsalu yanga ya chilundu pathebulo, n'kuiyang'ana nthawi ndithu. "Nsalu siikula ayi. Tiipatsa khosi." Anadula chigamba chachikulu cha masentimita 14 kuchokera ku chidutswa china, n'kuchisoka chozungulira m'chiuno mpaka pamwamba pa mbina, ndipo siketi yeniyeni inayambira pamenepo. Bulauzi imaphimba msokowo, koma ngakhale itakwera, maluwa anawakumanitsa bwino moti uyenera kuyandikira kuti uone pamene alumikiza. Kumunsi maluwa a m'mphepete anatsala athunthu, akukhudza nsapato. Ndinavala ku Mulhako wa Alhomwe pa Chonde mu Okutobala, ndipo aka kanali koyamba kuti ndikhale pamkeka pagulu osakokakoka siketi.

Izi zimadya nsalu. Pamene mnzanga amakwanitsa chilundu ndi duku pa mamita anayi, ine anandiuza kuti ndigule asanu ndi limodzi, osadula. Mukagula zidutswa za mamita awiriawiri zodulidwa kale, telala amasowa potembenukira. Anandiuzanso kuti ndiyambe ndaichapa n'kuisita ndisanabweretse, chifukwa ya thonje imafupika ikalawa madzi koyamba. Wamfupi sazindikira n'komwe, koma kwa ife masentimita awiri ndi nkhani.

Deresi ya kuntchito ndiye ndimaikonda kuposa zonse, ndipo sindichulutsa mawu. Ndi ya nsalu yopanda maluwa, yobiriwira modera, yofika pakatumba, yamanja ofika padzanja penipeni. Matumba ali pamene manja anga amafika, osati pamwamba. Mkati mwa mpendero anasiya nsalu yokwanira kuti ndikafuna adzaitsitse. Yachapidwa mobwerezabwereza koma msoko sunasunthe.

Jekete inali ya pa kaunjika, yaubweya, yabwino kwambiri pa kuzizira kwa Juni ndi Julayi, koma manja ake ankathera patali ndi wotchi. Anamasula mpendero wa manja, anapeza masentimita atatu okha, ndiye anawonjezera ndi zotsalira za chilundu chija, n'kuikanso kansalu komweko m'mphepete mwa matumba kuti zioneke ngati anapangira dala. Anzanga ku ofesi amandifunsa kumene ndinagula. Pa kaunjika pomwepo, amene muli aatali muziyang'ana chizindikiro cha mkati. Mabelo ochokera ku UK nthawi zina amakhala ndi zovala zolembedwa Tall kapena Long, ndipo pa jinzi muziona nambala yotsatira L: 34 kapena 36 ndiye zathu, 30 ndi 32 musataye nazo nthawi. Zimapezeka mwa apo ndi apo, ndipo uyenera kufika belo likungotsegulidwa.

Tsopano thalauza. Utali wake ulibe vuto, masentimita 88 mkati mwa mwendo monga tinayezera. Koma kadulidwe kake ndi kachimuna. Kutsogolo kuli nsalu yochuluka imene imatukumuka ndikakhala pansi, kumbuyo n'kochepa moti lamba amatsika ndikawerama, ndipo m'ntchafu imagwira. Nditabwerera nayo sanakane. Anandiuza kuti anaphunzira kusoka nthawi ya Kamuzu, pamene lamulo la kavalidwe la 1973 linkaletsa akazi kuvala thalauza ndi siketi zoonetsa mawondo. Lamulolo linachotsedwa mu 1993, koma iwo anali ataphunzira kale kudula thalauza pa matupi a abambo ndi ana asukulu, ndipo dzanja linazolowera momwemo. Anayesa kuikonza poika kachigamba pakati pa miyendo. Yasinthako, ndimatha kuvala popita kumsika, koma ku ofesi ayi. Chinanso, misoko yamkati sanaipitse pa ovaloko poti tsiku limenelo magetsi anazima, ndipo sanandiuze. Ndinazindikira itayamba kuyoyoka ulusi pochapa. Anakonza osandilipiritsa, komabe akanandiuza poyamba ndikanadikira.

Kusunga tsiku ndi vuto lina. Akati Lachisanu, muziwerengera Lachisanu la sabata yotsatira. Nyengo ya maukwati, kuyambira Ogasiti mpaka Disembala, pakhondepo pamadzaza mayunifolomu a akwaya ndi a operekeza akwati, ndipo chovala cha munthu mmodzi chimatsalira pansi pa mulu. Foni amayankha, mwaulemu ndithu, "mawa lokha, achemwali," koma mawalo limachedwa kufika. Deresi ija ndinkafuna kuvala pa chinkhoswe cha mphwanga, ndinakaitenga chinkhoswe chitadutsa. Ngati muli ndi mwambo, apatseni mwezi wathunthu ndipo tsiku muwauze loyambirira.

Malo oyesera zovala nawo sanapangire ife. Ndi kansalu kopachika pa waya pakona ya khonde, ndipo waya ali pa msinkhu wa mwiniwake. Ine ndikaima kuseri kwake mutu ndi mapewa zimakhala pamtunda, ndikuonana maso ndi maso ndi anyamata a kabaza amene amaima tsidya la msewu. Ndimavula nditagwada. Galasi lawo limandionetsa kuyambira pachifuwa mpaka m'mawondo, ndiye mpendero ndi khosi ndimadalira kuti mtsikana amene amawathandiza andijambule pafoni. Amayiwo amaseka n'kulonjeza kuti akweza wayayo. Mpaka lero ali pomwepo.

Pali chimodzi chimene tinatsutsana, ndipo sindinagonje. Iwo amakhulupirira kuti mkazi wamtali ayenera kufupikitsidwa: mizere yopingasa, lamba wamtundu wina wodula thupi pakati, nsapato zafulati. Ndi malangizo omwe ndakhala ndikuwamva kuyambira ndili ku sekondale, limodzi ndi funso loti bwanji sindisewera ntchemberembaye ngati Mwai Kumwenda, ndi lina loti mwamuna wondikwana ndidzamupeza kuti. Ine sindinapite kwa telala kuti akandibise. Utali uli ndi mwayi wake umene anthu satchula. Zitenje za maluwa akuluakulu, zija duwa limodzi limadzaza theka la mita, zimamumiza munthu wamfupi, koma pa ife duwa limaoneka lonse. Siketi yotambalala ya mapanelo ambiri, manja otukumuka, duku lalikulu, zonsezi thupi lalitali limanyamula popanda vuto. Nditaumirira anandisokera mmene ndinafunira, ndipo pa chilundu anasiya utali wokwanira nsapato ya gogoda. Poyesa anangoti, "Komatu mwatchena," n'kutembenukira ku makina awo. Ndimawalemekeza pa chimenechi: amanena maganizo awo, koma sakakamiza, ndipo sabwezera posoka mosasamala.

Mitengo imene ndinalipira nthawi imeneyo: chilundu K28,000, deresi yokhala ndi layining'i (nsalu yamkati) K22,000, thalauza K15,000, kukonza jekete K6,000. Nsalu ndi yanu, ulusi ndi zipi ndi zawo. Amafuna theka poyamba, ndipo amalandira pa Airtel Money kapena Mpamba. Ndi okwererako poyerekeza ndi matelala ena a pa Chitakale kapena pa Luchenza, koma sanandiwonjezere ndalama chifukwa cha utali, zomwe ena amachita ati nsalu yachuluka posoka. Mitengoyi musaigwire ngati malemba. Chichokereni pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zipi, ulusi ndi layining'i zimakwera mwezi ndi mwezi, ndiye funsani kaye. Zipi zimene amagwiritsa ntchito n'zapulasitiki zopepuka. Ya pa siketi ya chilundu yayamba kale kugwiragwira. Ulendo wina ndidzagula ndekha yachitsulo ku Limbe, yaitali masentimita 25, chifukwa ya 20 imene amaika pa siketi za anthu onse imavuta kudutsa m'mbina ngati siketi yayambira m'mwamba monga yanga.

Amene mukufuna chilundu, deresi, siketi kapena kukonzetsa za pa kaunjika, ndipo mwatopa ndi chiuno chokhala m'nthiti, pitani ndi nsalu yochapa kale, nsapato m'chikwama, ndi nthawi yokwanira. Ine ndawasiyira kale kapulana wina wa pa Limbuli kuti andisokere deresi ya Khirisimasi, ndipo ndawauza kuti ndikufuna kumayambiriro kwa Novembala. Thalauza ndikayesa kwa telala wina wachitsikana amene ndamva kuti ali pa boma ku Thyolo.