Eduroam pa yunivesite: ntchito yodalirika, koma yovuta kuifufuza ikavuta

Eduroam ndi ntchito ya Wi-Fi yomwe imalola wophunzira kapena mphunzitsi wa yunivesite imodzi kulowa pa intaneti akakhala pa yunivesite ina iliyonse yomwe ili mu mgwirizanowu, pogwiritsa ntchito dzina ndi pasiwedi ya kwawo, popanda kukapempha akaunti ya alendo ku ofesi. Ganizoli linachokera kwa Klaas Wierenga wa bungwe la SURFnet ku Netherlands mu 2002, ndipo linayesedwa koyamba mu 2003 pakati pa mabungwe a ku Netherlands, Finland, Portugal, Croatia ndi United Kingdom. Lero likugwira ntchito m'mayiko oposa 100, ndipo bungwe la GÉANT, lolumikiza ma netiweki a maphunziro ndi kafukufuku ku Ulaya, ndilo limagwirizanitsa mbali yaikulu ya kayendetsedwe kake. Monga munthu amene ntchito yake ndi kusamalira netiweki ya pa sukulu, ndimaiona eduroam kuti imachita bwino kwambiri chimene inalonjeza, chomwe ndi kutsimikizira kuti wolowayo ndi ndani mosaika pasiwedi yake pachiswe, koma zinthu zikasokonekera imamusiya wogwiritsa ntchito mumdima, ndipo nthawi zina imamusiyanso mumdima katswiri amene akufuna kumuthandiza.

Kagwiridwe kake ka ntchito n'koyenera kukamvetsa, chifukwa ubwino ndi zovuta zake zonse zimachokera pomwepo. Munthu amalowa ndi dzina lokhala ndi chizindikiro cha @ chotsatiridwa ndi dzina la yunivesite yake. Access point, chipangizo choulutsa Wi-Fi, ikalandira pempho lake lolowa, imalipereka ku seva ya RADIUS ya pamalopo (seva yoona za kulola kapena kukana olowa), yomwe imayang'ana mbali ya kumapetoyo n'kulitumiza ku seva ya dziko lonse, ndipo ngati mwiniyo ndi wochokera kunja, pempholo limapitirira mpaka likafike ku seva ya yunivesite yake. Zimafanana ndi kalata yomatidwa bwino: onse oinyamula amawerenga adiresi ya pa envelopu, koma woitsegula ndi mwini adiresiyo yekha. Foni ndi seva ya kwawo zimakhazikitsa njira yobisika ya TLS, pasiwedi imadutsa m'menemo, ndipo yunivesite yolandira mlendo imangouzidwa kuti mulandireni kapena mukaneni.

Tikayerekeza ndi njira zina zomwe masukulu amagwiritsa ntchito, kusiyana kwake n'kwakukulu. Pasiwedi imodzi yogawana sukulu yonse sichedwa kufalikira kwa anthu osayenera, ndipo kuisintha kumavutitsa aliyense nthawi imodzi. Netiweki yotseguka yomwe imafunsa dzina pa tsamba la intaneti imasiya uthenga ukuyenda mumlengalenga wosabisika, komanso imatopetsa anthu ndi kulembetsa mobwerezabwereza. Eduroam imadalira muyezo wa IEEE 802.1X pamodzi ndi WPA2-Enterprise kapena WPA3-Enterprise, kotero kuti chipangizo chilichonse chimakhala ndi kiyi yakeyake yobisira uthenga, ndipo akaunti ya munthu mmodzi ingathe kutsekedwa popanda kukhudza ena. Wofufuza akafika pa msonkhano ku yunivesite yakutali n'kutsegula laputopu, amapeza kuti yalumikizika kale, ndipo pa mbali imeneyi sindikudziwa ntchito ina imene ingaipose.

Pofooka penipeni ndi pa satifiketi ya seva, chikalata cha pakompyuta chotsimikizira kuti sevayo ndi yeniyeni. Munthu aliyense wokhala ndi laputopu angathe kuulutsa netiweki yabodza n'kuitcha eduroam, ndipo chimene chimateteza wophunzira ndi chakuti foni yake iyambe yatsimikiza satifiketi ya seva ya kwawo isanatumize pasiwedi. Ngati foniyo inakonzedwa pamanja n'kuuzidwa kuti isamayang'ane satifiketi, imapereka chinsinsi chake kwa aliyense wochifuna. Pa njira yolowera yotchedwa PEAP yokhala ndi MSCHAPv2 wakubayo amapeza pasiwedi yobisidwa imene angathe kuiswa pambuyo pake, pamene pa EAP-TTLS yokhala ndi PAP amalandira pasiwedi yeniyeniyo. Popeza pasiwedi imeneyi nthawi zambiri ndi yomweyo ya imelo ndi ya zotsatira za mayeso, nkhaniyi si yaing'ono. Kwa zaka zambiri mafoni a Android ankalola kusankha kusatsimikiza satifiketi, ndipo malangizo ambiri olembedwa mofulumira ankauza ophunzira kuti asankhe zimenezo. Kuyambira kumapeto kwa 2020, Android 11 inayamba kuchotsa mwayi umenewu pa mafoni ena, ndipo ngakhale zimenezi zinachulukitsa madandaulo ku maofesi othandiza ophunzira, ndimaona kuti kunali kusintha koyenera. Mankhwala ake alipo, ndiwo eduroam CAT ndi pulogalamu ya geteduroam, zomwe zimaika satifiketi, dzina la seva ndi zina zonse molondola. Chodandaulitsa n'chakuti palibe chimene chimakakamiza munthu kuzigwiritsa ntchito, ndipo chipangizo chokonzedwa molakwika chimalumikizika bwinobwino, mwiniwake osadziwa kuti ali pangozi.

Vuto lina lofala ndi la pasiwedi yakale. Wophunzira amasintha pasiwedi pa laputopu ndi pa foni, koma amaiwala tabuleti yomwe ili m'chikwama, ndipo tabuletiyo imapitiriza kuyesa pasiwedi yakale nthawi iliyonse ikaona access point mpaka akaunti yonse itatsekedwa. Mu ma log a seva, momwe mumalembedwa zochitika zonse, mumaoneka mzere wa Access-Reject (kukana pempho) wobwerezabwereza kuchokera ku chipangizo chimodzi, pamene mwiniwake akulumbira kuti sanalakwitse kalikonse, ndipo akunena zoona. Masukulu amene anasamukira ku EAP-TLS, komwe chipangizo chilichonse chimapatsidwa satifiketi yake m'malo mwa pasiwedi, anathana ndi vutoli pamodzi ndi la netiweki yabodza lija, ngakhale kuti anadzisenzetsa ntchito yopereka ndi kukonzanso masatifiketi ambirimbiri.

Pofufuza zovuta m'pamene ntchitoyi imafuna kuleza mtima. Foni imangonena kuti yalephera kulumikizika, kaya chifukwa chake ndi pasiwedi yolakwika, satifiketi yotha nthawi, wotchi ya chipangizo yosokonekera, kapena seva yomwe sikuyankha. Katswiri ayenera kutsatira ulendo wa pempholo mwadongosolo: aone ngati chipangizo chagwirana ndi access point, ngati pempho lafika pa RADIUS, ngati yankho linali lokana kapena silinabwere n'komwe, ndipo pomaliza ngati DHCP, ntchito yogawira zipangizo ma adiresi pa netiweki, yapereka adiresi ya IP. Kwa wophunzira wa pamalopo zonsezi zili m'manja mwanu. Kwa mlendo, theka la nkhani lili pa seva ya yunivesite ina, ndipo mwina dzina limene mukuliona ndi lakuti anonymous (wosadziwika) lokha lotsatiridwa ndi dzina la sukulu yake, chifukwa dzina lenileni labisika dala. Chitetezo chomwe ndachiyamikira chija n'chomwenso chimakumangani manja, ndipo mlendo amayenera kulembera a kwawo pamene iye akufuna intaneti nthawi yomweyo. Mafoni amakono amawonjezera ntchito, popeza kuyambira pa Android 10 ndi iOS 14 amabisa adiresi yawo yeniyeni ya MAC, nambala yozindikiritsa chipangizo pa netiweki. Palinso vuto lobisika la mapaketi aakulu a satifiketi omwe amagawika pa UDP, njira imene RADIUS imatumizira uthenga, n'kutayidwa panjira ndi firewall (chitetezo chosefa uthenga), lomwe RadSec imalichepetsa potumiza RADIUS kudzera pa TCP ndi TLS. Pulogalamu ya eapol_test imathandiza kwambiri, chifukwa imayesa seva mwachindunji popanda kudutsa mumlengalenga. Ndimalimbikitsanso kuti seva izikana dzina lopanda @ ngakhale munthu ali pa sukulu yake, kuti cholakwikacho chidziwike asanayende ulendo.

Madandaulo ambiri amene amaikidwa pa eduroam si ake ayi. Holo yophunziriramo ikadzaza anthu mazana, aliyense ndi foni komanso laputopu, vuto limakhala la mafunde. Pa 2.4 GHz pali matchanelo atatu okha osalowererana, 1, 6 ndi 11, ndipo kukweza mphamvu ya access point kumangowonjezera phokoso. Chofunika ndi ma access point ochuluka a mphamvu yochepa, kukankhira zipangizo ku 5 GHz, siginolo ya mphamvu ya pafupifupi -67 dBm paliponse pokhala anthu, ndi ma adiresi a DHCP okwanira. Zipangizo monga maprinta ndi ma TV ambiri sizidziwa 802.1X, kotero zimafunika netiweki yapadera.

Yunivesite yofuna kulowa mu mgwirizanowu imadutsa ku bungwe loyendetsa eduroam m'dziko lake, ndipo seva yaulere ya FreeRADIUS imakwanira pa ntchitoyi. Chimene ndingaichenjeze ndi kaundula wa maakaunti: akaunti ya munthu amene anachoka pa sukulu ikapanda kutsekedwa, imapitiriza kumulowetsa pa netiweki za mayunivesite ena onse m'dzina la sukulu imene anaisiya, ndipo akachita zolakwika kumeneko, funso limabwera kwa inu. Tsiku lotha ntchito la satifiketi ya seva liyeneranso kukhala pa kalendala ya anthu oposa mmodzi, chifukwa likadutsa, zipangizo zonse zokonzedwa molondola zimakana kulumikizika m'mawa womwewo.