Nkhani za BP ku laibulale yathu: ndapereka nyenyezi zinayi

Ndapitako kasanu tsopano, ndiye ndikuona kuti ndikhoza kunenapo. Kalaibulale ka kwathu kuno ku Ntcheu kanagwirizana ndi gulu la anthu odwala BP ndi shuga kuti kamodzi pamwezi, Lachitatu masana, kuzikhala maphunziro a zaumoyo. Amabwera alangizi a zaumoyo, nthawi zina anamwino. Kulowa n'kwaulere, ndipo safunsa ngati umadziwa kuwerenga.

Ine ndinkayesa laibulale ndi ya ana a Fomu 4 okonzekera mayeso. Chinandipititsako ndi apongozi anga. Anawapeza ndi BP chaka chatha, anamwa mankhwala miyezi iwiri, mutu utasiya kuwawa nawonso anasiya. Ankati, "Ndachira ine, mukufuna ndizingomwa mapilitsi ngati chimanga cha nkhuku?" M'malo mwake anagula kabotolo ka mankhwala azitsamba kwa munthu wina mu minibasi ya ku Lizulu. Mkamwini kapena mtengwa amene mukuwerenga mukudziwa kuti apongozi sukangana nawo. Ndinangowapempha kuti andiperekeze.

Chimene chinandikomera koposa n'chakuti kumeneko kuli nthawi yofunsa. Kuchipatala mzere umakhala wautali, adokotala alemba m'kabuku, iwe watuluka usanamvetse chimene alemba, ndipo sindikuwadzudzula chifukwa anthu amakhala ambirimbiri pakhomo. Kuno anamwino anatenga kabuku ka apongozi n'kuwamasulira manambala awiri aja, lapamwamba ndi lapansi. Anati akamafika 140/90 kapena kuposa, poyezedwa masiku osiyana, ndiye kuti magazi akuthamanga mopitirira, ngakhale munthu asakumva kupweteka paliponse. Mawu akuti "ngakhale asakumva kupweteka" anawabwereza katatu. Kenako anaimirira abambo ena a m'gululo, oyenda ndi ndodo, dzanja limodzi silikugwira, n'kunena kuti, "Amayi, inenso ndinasiya mankhwala nditaona ngati ndachira." Apongozi sanayankhe, koma pobwerera anandifunsa tsiku la kiliniki. Zimene ine ndinalephera miyezi inayi, mnzawo wodwala anazitha m'mphindi zochepa.

Nkhani ya mchere ndiyo inandikhudza ineyo monga wophika. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu asamafike magalamu 5 a mchere patsiku, ndiye kuti kasupuni ka tiyi kamodzi kosadzaza. Kamodzi, tsiku lonse, ndiwo zonse! Woyang'anira laibulale anabweretsa kasupuniko n'kukayendetsa m'manja mwa aliyense. Ife a m'malire muno timakonda bakayawo, nsomba yoti mchere umachita kuoneka ndi maso. Sindinkadziwanso kuti soda amene timathira mu therere ndi m'nkhwani ali ndi chinthu chomwecho chimene chimakweza BP mu mchere, chimodzimodzi timabuloko tokometsera ndiwo. Panopa bakayawo ndimayamba ndamuviika m'madzi n'kutaya madziwo, ndipo mbale ya mchere ndinaichotsa pamphasa podyera. Bambo a kunyumba anadandaula sabata imodzi, kenako anazolowera.

Anatiuzanso kuti mankhwala ena a BP amakodzetsa, choncho ndi bwino kumwa m'mawa, ndipo ena amatupitsa mapazi, koma ukaona zotero ubwerere kuchipatala akakusinthire, osati kusiya pawekha. Apa ndi pomwe apongozi anaulula kuti kudzukadzuka usiku ndi chifukwa china chimene anasiyira. Kunyumba anali asananenepo. Tinamvanso za Chipatala Cha Pa Foni, chija chinayambira kwa anansi athu ku Balaka mu 2011, chomwe munthu amaimba n'kufunsa uphungu ali pakhomo.

Nyenyezi yachisanu ndaimana pa zifukwa izi. Mabuku a zaumoyo ali pa shelefu ndi ambiri ndithu, koma pafupifupi onse ndi achingerezi, ochokera kunja, okamba za zakudya zoti pamsika wathu sunazionepo. Ife tikufuna kudziwa za nsima ya mgaiwa, kachewere wa ku Tsangano, nyemba, kabichi ndi mpiru. Timapepala ta Chichewa tilipo titatu tokha, tothaitha m'makona, ndipo saloleza kupita nato kunyumba. Ndinachita kujambula pa foni kuti ndikawawerengere apongozi madzulo. Nanga agogo opanda foni atani?

China chinandipweteka kwambiri. Poyeza BP, tsiku lina woyezayo ankatchula manambala mokweza, ana asukulu ali pa tebulo lapafupi. Mayi wina wachikulire anachita manyazi, ndipo mwezi wotsatira sindinamuone. Matenda a munthu ndi chinsinsi chake. Chitenje chimodzi chotchinga pakona chikanakwana. Ndinakawauza oyang'anira, anandilandira bwino n'kulemba, ndipo ulendo wathawu anayezera kuseri kwa mashelefu. Pamenepo ndawayamikira. Koma makina oyezera ndi amodzi, ndipo kawiri konse tinapeza mabatire atatha. A m'gululo tsopano amasonkherana kuti azigula okha.

Abambo nawonso sabwera. Pa anthu amene timakhalapo, amuna sakwana dzanja limodzi, chonsecho BP sisankha. Mwina akanaika tsiku lina Loweruka, kapena kupempha mafumu kuti alengeze pamisonkhano ya m'mudzi.

Mukafuna kupita, tengani kabuku kanu ka kuchipatala ndi mapaketi a mankhwala amene mukumwa, ngakhale azitsamba, sakunyozani. Fikani msanga kuti mupumeko mphindi zisanu musanayezedwe, chifukwa ukangotsika pa kabaza manambala amakwera. Dziwaninso kuti mankhwala sapereka, amenewo ndi a kuchipatala. Apongozi anayambiranso kumwa mankhwala awo, ndipo mwezi uno akuti tipite ndi achemwali awo a ku Kampepuza.