Nyenyezi zitatu, ndipo ziwiri mwa izo ndi za madala a Lachinayi

Ndimafuna kupereka nyenyezi imodzi kwa sukulu ina yokonzekeretsa anthu mayeso a Chingerezi a IELTS. Ndemanga yake ndinali nditailemba kale m'foni, yaitali, yotukwana mwaulemu, ndikungodikira kuti mwezi uthe ndiiponye. Ndaisintha chifukwa cha munthu mmodzi, ndipo munthuyo si mwini sukuluyi, komanso si mayi wa pa desiki uja.

Amene mukukonzekera IELTS muno mu Mzuzu malowa mukuwadziwa, pamwamba pa mashopu paja, pokwera masitepe amdima aja. K70,000 ya pamwezi ija ndinalipira yonse pa foni tsiku lomwelo, poti anandiuza kuti malo atsala awiri okha. Amvekere kalasi imodzi anthu 8 basi. Tsiku loyamba ndinawerenga mitu 23, ena atapanikizana awiriawiri pa mpando umodzi ngati mu minibasi ya ku Nkhata Bay. Lisiti mpaka lero sindinalione. Ndikafunsa, mayi wa pa desiki, maso ali pa foni, amangoti, "Buku latha asisi, mubwere mawa." Mawa lake lija tsopano latha masabata anayi. Munthu wolandira alendo koma moni wake mpaka uchite kupempha.

Ine ndine namwino. Amene tikufuna kukalembetsa ntchito ku UK timadziwa zimene bungwe la anamwino kumeneko, NMC, limafuna pa malikisi a IELTS, otchedwa band: 7 pa kumvetsera, 7 pa kuwerenga, 7 pa kulankhula, 6.5 pa kulemba. Ndalama za mayeso enieniwo si zoseweretsa, kuwonjezera ulendo wa ku Lilongwe ndi pogona. Ndiye ndikaweruka ndili wotopa n'kuthamangira m'tauni, kenako usiku n'kukwera njinga yamoto kubwerera ku Zolozolo mphepo ikundilowa m'mafupa, sindikhala ndikupita kokacheza.

Mphunzitsi wathu wa masiku onse ndi mnyamata wa suti, wolankhulira m'mphuno. Sabata yoyamba anatipatsa pepala lomwe ankalitcha "mawu a band 7", fotokope yake tinalipiranso tokha. Mizere iwiri. Kumanzere mawu amene iye ankati ndi a ku pulayimale, kumanja olowa m'malo mwake: cold akhale freezing, tired akhale exhausted, hungry akhale starving, angry akhale furious, big akhale enormous, good akhale excellent. "Mukangosiya mawu a ana awa, 7 ndi yanu." Tinaloweza ngati katekisimu. Ine ndinkachita kubwereza pa njinga, mpaka wa kabaza tsiku lina anacheuka kufunsa ngati ndikupemphera.

Tsono Lachinayi la sabata yachitatu, mu July, kuli kamvula kowaza ka ku Mzuzu kaja kosadziwika poyambira ndi pothera, mnyamata uja sanabwere. Palibe anatiuza chifukwa. Titadikira mphindi 40, ena atayamba kale kulongedza, kunalowa madala ena ovala chipewa chaulusi ndi jekete lonyowa m'mapewa, ambulera yothyoka nthiti imodzi ili m'manja. Ndinamva pambuyo pake kuti anaphunzitsa Chingerezi ku sekondale zaka zambiri asanapume, ndipo pano amangowaitana wina akasowa. Mumtima ndinati basi, ndalama zanga zapita, atitolera agogo pamsewu.

Anati tiyeserere mayeso olankhula. Amene simunalembepo, gawoli limatenga mphindi 11 mpaka 14, lili ndi zigawo zitatu, ndipo choyamba ndi mafunso wamba a kwanu, ntchito, nyengo, zoterozo. Analoza ine. Anandifunsa za nyengo ya lero ndi mmene ndimamvera ndikaweruka. Ndinakhala tsonga, n'kutulutsa katundu yense wa papepala paja: "Today it is very freezing, and after work I am very exhausted and very starving."

Ndinkayembekeza kuombedwa m'manja, kunena zoona.

Iwo anavula magalasi, n'kuwapukuta ndi kumapeto kwa sikafu. "Anamwino, kutopako ndikukuona, njalanso ndikukhulupirira. Koma Chingerezi chimenechi wakupatsani ndani?" Kumbuyo anthu anaseka, anthu omwewo amene akanayankha chimodzimodzi. Nkhope inanditentha. Ndinatulutsa pepala lija n'kuliika patebulo mwamwano ndithu, ndimvekere, "Ndi la pano pomwe, aphunzitsi, tinagula." Analiwerenga mwakachetechete, mzere ndi mzere, chala chikutsetsereka. Kenako anati, "Mawuwa alibe mlandu. Kungoti anakupatsani nkhwangwa yopanda mpini."

Nthawi yomweyo magetsi anazima. Jenereta imene ili pa chithunzi chotsatsa malonda chija musaifunse, kulibe. Tinayamba kung'ung'udza, koma madala aja mawu awo anamveka mumdimamo ngati palibe chachitika.

"M'chipinda muno mwatani?"

Wina anati mwada.

"Mwada bwanji?"

"Mwada bii!" Tinayankha angapo pamodzi.

"Eya. Tsono wina anene kuti mwada bii kwambiri."

Palibe ananena.

"Chabwino, nenani kuti mwada bii pang'ono."

Apa ndiye tinaphulika kuseka, chifukwa pakamwa pakana. Munthu sunganene kuti nsalu yayera mbee kwambiri, kapena kuti chidebe chadzaza thoo pang'ono, kapena kuti maso afiira psuu pakatikati. Ukafika pa "bii" wafika kumapeto, kulibenso kopita. "Ndiye freezing ndi bii wa Azungu," anatero. "Muli kale very m'mimba mwake. Mukati very freezing mwanena kuti kwazizira kwambiri kwambiri, ndipo wa khutu lozolowera amamva ngati mmene mwamvera inu pompano."

Ndakhala ndikuphunzira Chingerezi kuyambira sitandade 1, ndinakhoza MSCE, maphunziro onse a unamwino anali m'Chingerezi, koma palibe anandiuzapo zimenezi. Ndipo amene ankandiuza tsopano ankandiuza m'Chichewa, mumdima.

Tinayatsa matochi a m'mafoni anayi kuwalitsa bolodi, iwo n'kujambula mzere wautali woimirira ngati thermometer ya ku wodi. Anati ma adjective ambiri, mawu ofotokoza mmene chinthu chilili, ali ngati kutentha kwa thupi, amakwera ndi kutsika, ndiwo otchedwa gradable: cold, hot, tired, hungry, good, bad, big, angry. Amenewa ukhoza kuwakweza kapena kuwatsitsa mmene ukufunira, a bit cold, slightly cold, fairly cold, rather cold, very cold, extremely cold. Pamwamba penipeni pa mzerewo analemba freezing, n'kuika kadontho kakakulu. Awa ndiwo extreme. Sakwera, satsika. Chimene ungachite n'kungovomereza kuti zafikadi pamenepo, ndipo mawu ake ovomerezera ndi absolutely, completely, totally, utterly. Absolutely freezing. Completely exhausted. Absolutely starving. Utterly ridiculous. Ndipo msewuwu ndi wa mbali ziwiri, anachenjeza: monga very freezing salola, absolutely cold nayenso salola.

Mnyamata wina wofuna kukaphunzira kunja anafunsa funso lomwe ndinali nalo inenso, kuti nanga extremely bwanji sali ndi ma extreme, dzina likufanana chonchi. Anaseka. Anati pamenepo ndi pamene ambiri amagwera. Extremely ndi mkulu wake wa very, amayenda ndi gradable: extremely tired inde, extremely exhausted ayi. "Dzina lisakupusitseni. Si aliyense wotchedwa Chimwemwe amasangalala."

Wina anati nanga munthu ukasokonezeka pakati pa mayeso, woyesa akukuyang'ana, wotchi ikuyenda, utani? Anati gwirani really. Ameneyo amadya kulikonse, kumaliro ndi kuukwati: really cold, really freezing, really good, really wonderful, zonse zimalola. Koma musamuike pa chiganizo chilichonse, chifukwa woyesa amapereka malikisi pa zinthu zinayi, kulankhula mosadodoma ndi mwadongosolo, kuchuluka kwa mawu ndi kagwiritsidwe kake, galamala, ndi katchulidwe, ndipo pa mawupo amamvetsera ngati mukudziwa kuti liwu ili limayenda ndi liti. Sanatiopseze kuti very freezing mmodzi angakugwetse mayeso. Anangoti liwu lalikulu loikidwa polakwika limaulula kuti munaloweza pepala, pamene very cold woikidwa bwino sachititsa manyazi munthu.

Pali gulu lina laling'ono lomwe analemba pambali, mawu oti chinthu chili kapena palibe: dead, married, pregnant, impossible, unique. Anandiyang'ana ine. "Anamwino, munalandirapo mayi woti ali slightly pregnant?" Bambo wina kumbuyo anakuwa kuti komatu muno mu Mzuzu muli amuna ambiri amene ali slightly married, ndipo kalasi yonse inagwa ndi phwete, mpaka mayi wa pa desiki anasuzumira ndi nkhope yake ija. Madalawo anavomereza kuti eni chinenero nawonso nthawi zina mumawamva akuti very unique, anzawo n'kumawadzudzula. Anati zimenezo asiyireni eni ake, inu muli ndi mayeso.

Chomwe chinandigwira mtima kwambiri ndi quite. Moyo wanga wonse ndinkadziwa kuti quite ndi kwambiri basi. Ayi ndithu. M'Chingerezi cha ku Britain, quite akatsogolera gradable amatsitsa: quite good ndi zabwinoko, zosadandaulitsa koma zosavinitsa. Akatsogolera extreme kapena aja oti chili kapena palibe, amakhala kotheratu: quite impossible ndiye zosatheka m'pang'ono pomwe, quite right ndiye mwalondola ndendende. Ndinakumbukira dokotala wina wachizungu amene anadzagwirapo nafe ntchito miyezi ingapo, yemwe anayang'ana lipoti langa n'kuti "quite good", ine n'kuyenda tsiku lonse mapewa ali m'mwamba. Zaka zapita, ndazindikirira pa bolodi lowala ndi tochi kuti ankangonena kuti zilikoliko.

Ndipo kwa ife a chipatala izi si za mayeso okha. Wodwala akati ululu uli quite painful ndi wina akati uli absolutely unbearable kapena excruciating, anthu awiriwa sali pamalo amodzi pa sikelo ija ya 0 mpaka 10, ndipo amene ndimuthamangire ndi wachiwiriyo. Mnyamata wa suti uja, yemwe amadziwa bwino kuti theka la kalasi ndi anamwino, sanatchulepo zimenezi ngakhale kamodzi.

Potseka anatiseka tonse kuti vuto lathu kuno n'loti tinazolowera liwu la Chitumbuka lija loti chomene. Yewo chomene, makora chomene, chilichonse chomene, ife a Chichewa n'kumati kwambiri, ndiye tikalowa m'Chingerezi timangonyamula very n'kumamwaza ngati mchere. Anatipatsa ntchito yoti aliyense akalembe ziganizo khumi za tsiku lake, zisanu za pa mzere, zisanu za pa kadontho. Magetsi anayaka tikutsika masitepe. Ola limodzi ndi theka, opanda buku, opanda fotokope.

Lolemba mnyamata uja anabwerera, osapepesa. Ndinakhala ndi cholembera kumuwerengera. Very fantastic kawiri, very huge kamodzi, ndipo wina atamufunsa za absolutely anati zonsezo n'chimodzimodzi, nkhani ndi confidence. Kunena chilungamo, pa gawo la kuwerenga amathandiza, njira yake yosakira mayankho msanga m'ndime yandipindulira, ndipo ma CD a kumvetsera ali nawo okwanira magetsi akakhalapo. Si munthu woipa. Kungoti amagulitsa zimene iye mwini sanazimvetse.

Ndinapita pa desiki kukapempha kuti ndizibwera masiku a madala aja okha, ndalama yotsalayo andibwezere kapena aisunthire mwezi wamawa. Yankho: "Ndalama ikalowa siituluka, asisi. Komanso agogowo si a pano, timangowapempha." Ndinafunsa kuti ndilankhule ndi bwana. Bwana ali ku Lilongwe. Nambala yawo? Sapereka. Munthu amene wapulumutsa dzina la sukulu yawo akumutchula ngati waganyu wodzasesa pabwalo. Tinachita kusonkhana anthu 9 kulemba kalata, ndiye pano anawapatsa Lachinayi lililonse, ngakhale ndikukayika ngati akuwalipira zoyenera, poti ambulera ija ikadali yomweyo.

Ngati mukufuna kulembetsa, funsani kaye ngati a Lachinayi akadalipo, musalipire mwezi wonse musanaone kalasi ndi maso anu, ndipo musachoke pa desiki opanda lisiti m'manja. Tengani juzi, mawindo awiri alibe magalasi. Mayeso ndikalemba miyezi ikubwerayi.

Dzulo potuluka, mayi wa pa desiki uja, mwina atamva kuti anthu ayamba kulemba ndemanga, anadzutsa mutu kwa nthawi yoyamba n'kundifunsa m'Chingerezi kuti ndikuiona bwanji sukulu yawo. Ndinati, "Quite good." Anamwetulira mpaka mano onse kuonekera, n'kuti zikomo kwambiri asisi. Ndinafunsa za lisiti. Buku latha, ndibwere mawa.