Dewey kapena Library of Congress: tisanje bwanji mabuku m'laibulale ya koleji?

Koleji ikangoyamba kupereka madigiri, pamabuka funso loti laibulale ipitirize kusanja mabuku ndi Dewey kapena isamukire ku njira ya Library of Congress, yomwe ambiri timangoiti LC. Kawirikawiri wofunsayo amakhala ali nalo kale yankho m'thumba, poganiza kuti zilembo za LC pamsana pa buku ndizo zimasonyeza kuti pano ndi pa yunivesite. Maganizo amenewa ndi omwe amaonongetsa ndalama ndi miyezi ya ntchito. Chimene chiyenera kugamula ndi kuchuluka kwa mabuku amene aunjikana pa phunziro limodzi, komanso manja amene alipo oti agwire ntchitoyo.

Njira ya Dewey inatuluka mu 1876 kuchokera kwa Melvil Dewey. Imagawa nzeru zonse m'magulu khumi, 000 mpaka 900, gulu lililonse n'kugawikanso pakhumi, ndipo mfundo ikamazama manambala amapitirira kuseri kwa kadontho. Ya LC inayamba kukonzedwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1890 kuti isanje mabuku a nyumba ya malamulo ya ku America. Ili ndi magulu 21 a zilembo. I, O, W, X ndi Y sizigwiritsidwa ntchito. Kusiyana kwake kwenikweni kuli pa kapezedwe ka nambala. Ku Dewey wosanja amamanga nambala yekha polumikiza zidutswa zochokera m'matebulo. Ku LC manambala ambiri analembedwa kale m'ndandanda, ndipo ntchito ya wosanja ndi kupeza malo oyenera n'kuwonjezera nambala ya mlembi.

Tengani buku la ulimi wa chimanga m'Malawi. Ku Dewey chimanga ndi 633.15, kenako mumaika 09 kusonyeza kuti nkhani ndi ya malo enaake, n'kumaliza ndi 6897, yomwe ndi Malawi: 633.15096897. Kukoma kwake n'koti 6897 ameneyu amayenda nanu paliponse. Chuma cha Malawi ndi 330.96897, maphunziro 370.96897, mbiri 968.97. Wophunzira akangogwira zimenezi amatha kulusaka yekha buku. Kuipa kwake n'koti manambala khumi ndi limodzi sakwana pamsana pa kabuku kopyapyala, ndipo wobwezera mabuku pashelefu atatopa madzulo amaphonya nambala yachisanu ndi chinayi. Ku LC chimanga ndi SB191.M2, chuma cha Malawi HC935, mbiri yake DT3161 mpaka DT3257, malamulo ake KSS. Manambala ndi aafupi, koma palibe chogwirizira pamtima: Malawi wa mu H safanana ndi Malawi wa mu D kapena mu K.

Pa kukhalira limodzi kwa mabuku, LC imapambana pa malo awiri amene amakhudza ofufuza za kwathu kuno. Dewey amaika ziyankhulo ku 400 ndipo zolemba za ziyankhulozo amazitaya ku 800, moti wophunzira Chichewa amatenga galamala ku 496.3918 n'kudutsa sayansi, zaumisiri ndi zaluso kuti akapeze ndakatulo ku 896.3918. LC imaika chiyankhulo ndi zolemba zake pafupi, mu PL. Chimodzimodzinso mabuku ofotokoza dziko ndi maulendo: Dewey amawaika ku 916.897, kutali ndi mbiri ya ku 968.97, pomwe LC imawaphatikiza mu DT. Koma LC nayo ili ndi msampha wake pa ife. Mukamakopera zolemba za katalogi kuchokera kunja mudzapeza mabuku ena a chiyankhulo chathu ali pa PL8593 pansi pa dzina loti Nyanja, ena ali pa PL8110.C5 pansi pa dzina loti Chewa. Mukangolandira zonse ziwiri osaganiza, mtanthauziramawu umakhala shelefu ina, galamala shelefu ina. Sankhani pamodzi, mulembe m'buku la malamulo a kasanjidwe ka laibulale yanu, ndipo aliyense wobwera pambuyo atsate zomwezo. Mabuku akale a mbiri ya Malawi nawonso amabwera ndi manambala oyandikira DT858, omwe anasiyidwa. Muziwasintha asanafike pashelefu.

Njira zonse ziwiri zinabadwira ku America ndipo zimaonekera. Mu Dewey, 220 mpaka 280 ndi Baibulo ndi Chikhristu, Chisilamu chonse chapanikizidwa pa 297, ndipo zipembedzo zamakolo a mu Africa zili pa 299.6. Laibulale ya seminale ya Chikhristu siidzadandaula nazo, koma koleji yophunzitsa zipembedzo zosiyanasiyana idzakhala ndi manambala aatali pa mabuku a Chisilamu ndi a Gule Wamkulu. LC inapatsa Chisilamu malo otakasukirapo mu BP, komabe mbiri ya America inatenga zilembo ziwiri zathunthu, E ndi F, pamene Africa yense ali mu DT.

Nkhani ya mlembi ndi imene anthu amaipeputsa, chonsecho ndi imene imabweretsa chisokonezo chachikulu m'mashelefu a mabuku a kuno. Malaibulale ambiri a Dewey amangolemba zilembo zitatu zoyambirira za dzina la mlembi pansi pa nambala. Pa mabuku ochepa zimayenda. Koma pitani pa shelefu ya zolemba za kafukufuku wa ophunzira, pomwe 370.96897 yanyamula mabuku mazana: BAN, BAN, BAN, PHI, PHI, CHI osawerengeka. Mabuku awiri osiyana amakhala ndi nambala imodzi, wobwereka n'kutenga lolakwika, ndipo pa kalembera wa mabuku simudziwa kuti lasowa ndi liti. Mankhwala ake si kusamukira ku LC. Onjezani chaka pa mzere wachitatu, ndi chilembo choyamba cha mutu wa buku ngati pakufunika, kapena yambani kugwiritsa ntchito manambala a Cutter (chilembo choyamba cha dzina la mlembi chotsatiridwa ndi manambala) mukadali mu Dewey momwemo.

Ku LC nambala ya Cutter ndi gawo la njirayo, ndipo cholinga chake n'choti buku lililonse likhale ndi nambala yakeyake. Tebulo lake limati dzina likayamba ndi konsonanti, chilembo chachiwiri chimapereka nambala: a ndi 3, e ndi 4, i ndi 5, o ndi 6, r ndi 7, u ndi 8, y ndi 9. Motero Banda ndi .B36. Tebuloli silinaganizire maina athu. Mbewe alibe malo akeake, ayenera kupanikizidwa pakati pa Ma ndi Me; Mkandawire agwera pakati pa 5 ndi 6; Msiska ndi Mtonga pakati pa 7 ndi 8; Mwale pakati pa 8 ndi 9. Wosanja amene satsegula ndandanda ya mabuku amene ali kale pa nambalayo, n'kumangoyerekeza, amasokoneza dongosolo la alifabeti pasanathe chaka. Choncho LC imafuna munthu wophunzitsidwa bwino amene akhalitsa pa mpandowo. Laibulale imene wosanja amasintha chaka ndi chaka idzaona mavuto ambiri ndi LC kuposa ndi Dewey.

Obwezera mabuku pashelefu amalakwitsa mosiyana pa njira ziwirizi. Ku Dewey cholakwa n'chimodzi: kuwerenga zakuseri kwa kadontho ngati nambala yathunthu, n'kuika 330.19 pambuyo pa 330.2 poganiza kuti 19 ndi wamkulu. Ku LC malamulo ndi awiri pa kapepala kamodzi. Nambala yotsatira zilembo ndi yathunthu, moti QA76 amatsogola QA276, koma ya Cutter imawerengedwa ngati yakuseri kwa kadontho, moti .B36 amatsogola .B4. Ophunzira othandiza mu laibulale muziwayesa ndi makadi makumi awiri osokonezedwa asanakhudze shelefu. Buku loikidwa polakwika ndi buku lotayika, ngakhale katalogi ikunena kuti lilipo.

Pa mtengo wa zida, zinthu zili mosiyana ndi mmene ambiri amaganizira. Dewey ndi katundu wa OCLC, bungwe la malaibulale la ku America. Kope la 23 linatuluka mu 2011 m'mavoliyumu anayi, ndipo manambala atsopano amapezeka mu WebDewey, yomwe imalipiridwa chaka ndi chaka m'ndalama zakunja. Ndandanda za LC ndi mavoliyumu oposa 40, koma Library of Congress inaziika pa intaneti ngati ma PDF aulere. Cholipira ndi Classification Web, yomwe imafulumizitsa kusaka koma si yokakamiza. Kumene ndalama zakunja zimavuta kupeza, iyi ndi mfundo yeniyeni yokomera LC. Ngozi ya Dewey ndi kukakamira kope lakale chifukwa chosowa latsopano. Zamakompyuta zinachoka pa 001.6 kupita ku 004 mpaka 006, ndipo kope la 21 la mu 1996 linasintha kwambiri 350 mpaka 354, 370 ndi 570. Mabuku a mphatso amafika ndi manambala a makope osiyanasiyana atamatidwa kale pamsana. Mukawaika choncho, phunziro limodzi limamwazikana malo atatu.

Ntchito yambiri ya katalogi masiku ano ndi yokopera kudzera pa Z39.50, njira ya pakompyuta yotengera zolemba m'makatalogi a malaibulale ena, ndipo apa njira zonse zimatheka. Mu MARC 21, kalembedwe ka zolemba za katalogi pakompyuta, nambala ya LC imakhala pa gawo 050, ya Dewey pa gawo 082, ndipo mabuku ambiri ochokera kunja amakhala nazo zonse, ngakhale kuseri kwa tsamba la mutu. Pa 082 yang'anani kamzere kopendeka, monga 633.1/5, kamasonyeza pamene mungadule nambala osaononga tanthauzo. Kudula paliponse chifukwa kapepala kachepa n'kumene kumasakaniza maphunziro. Koma mabuku osindikizidwa ku Blantyre kapena ku Zomba, malipoti a boma ndi zolemba za kafukufuku wa ophunzira nthawi zambiri simudzazipeza m'katalogi ya wina aliyense. Zimenezo mudzasanja nokha kuyambira pachiyambi, ndipo ndizo chuma chenicheni cha laibulale ya yunivesite ya kuno. Musanasankhe njira, funsani kuti wosanja wanu angathe kusanja bwino mabuku amenewa mu njira iti popanda womuthandiza.

Ogwiritsa ntchito Koha, pulogalamu ya pakompyuta yoyendetsera laibulale, asamale malo atatu m'makonzedwe ake. DefaultClassificationSource ikhale pa njira imene mwasankha; itemcallnumber iloze ku 082ab kapena 050ab; ndipo buku lililonse likhale ndi ddc kapena lcc pa 952$2. Mukaiwala chachitatuchi, nambala ya pamsana ya pa 952$o imaoneka bwinobwino koma Koha amaisanja molakwika, moti ndandanda ya kalembera sigwirizana ndi shelefu ndipo timapepala ta pamsana timaduka polakwika posindikiza.

Makoleji a zaumoyo ali ndi njira yachitatu, ya National Library of Medicine (NLM), imene inatenga W ndi QS mpaka QZ, malo amene LC inasiya opanda kanthu. Malungo ali pa 616.9362 ku Dewey, pa RC156 ndi manambala otsatira ku LC, ndi pa WC 750 ku NLM. Imayenda limodzi ndi LC popanda kuombana, koma kuiphatikiza ndi Dewey kumatanthauza kuphunzitsa owerenga njira ziwiri zosiyana kotheratu.

Tsono ndani atenge chiyani? Dewey wachidule, yemwe kope lake la 15 linatuluka mu 2012, anakonzedwera malaibulale a mitu ya mabuku yosapitirira 20,000. Koleji ya aphunzitsi, seminale kapena koleji ya zaumisiri ya kukula kotero ikhale pa Dewey ndi mtima umodzi, n'kukonza nkhani ya mlembi ndi chaka. Yunivesite imene ili ndi mabuku zikwizikwi pa malamulo okha, pa ulimi wokha kapena pa uinjiniya wokha, ndipo ili ndi osanja okhazikika, idzapuma bwino ndi LC, makamaka ngati ikungoyamba kumene kapena ikumanganso nkhokwe yake. Amene ali kale pa njira ina ndi mabuku ochuluka aganize kawiri. Mayunivesite ambiri a ku America anasamuka kuchoka ku Dewey m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, koma chimodzi mwa zimene zinawakopa chinali makadi a katalogi obwera ndi nambala ya LC yokonzeka, ndipo lero phindu limenelo mumalipezanso pa 082.

Werengetsani ntchitoyo musanalonjeze akuluakulu. Tiyerekeze kuti muli ndi mabuku 30,000 ndipo munthu mmodzi angathe kupeza nambala, kusintha katalogi, kuchotsa kapepala kakale ndi kumata katsopano pa mabuku 60 patsiku. Amenewo ndi masiku 500 a ntchito. Anthu awiri osagwira china chilichonse atenga pafupifupi chaka, magetsi ndi intaneti zikamayenda bwino. Ngati mwatsimikizabe, yambani ndi kuchotsa mabuku otha ntchito kuti musasanje zoti mudzataya. Mabuku atsopano onse alowe mu njira yatsopano kuyambira tsiku limodzi lodziwika. Akale muziwasintha phunziro ndi phunziro, kuyambira amene amabwerekedwa kwambiri, ndipo lililonse lobwezedwa lidutse kwa wosanja lisanabwerere pashelefu. Kusuntha mashelefu kuchitike patchuthi, ndipo shelefu iliyonse isiyidwe ndi mpata wa gawo limodzi mwa magawo anayi, apo ayi mudzasunthanso zonse mabuku atsopano akangofika. Nambala yakale isafufutidwe pa 082 mpaka buku lomaliza litasamuka, chifukwa pa miyezi yonseyo laibulale idzakhala ndi mizere iwiri ya mashelefu, ndipo wophunzira wobwera ndi nambala yakale imene anapatsidwa ndi mphunzitsi wake ayenera kuthandizidwa pa kauntala pomwepo.